Momwe mungayerekezere ndalama za kafukufuku zochokera ku boma ndi ku makampani m'mayiko osiyanasiyana

Mwapatsidwa ntchito yolemba tebulo losonyeza kuti mayiko asanu kapena khumi amaika ndalama zingati pa kafukufuku, ndipo mwa ndalamazo zingati zimachokera ku boma, zingati ku makampani. Ambiri amatsegula tsamba la World Bank, kukopera nambala imodzi pa dziko lililonse, n'kuyamba kulemba. Vuto limabuka wina akafunsa kuti, "Nambala ya makampaniyi ndi ndalama zomwe iwo analipira, kapena ndi kafukufuku amene anachitikira kwa iwo?" Mafunso awiriwa ali ndi mayankho osiyana, ndipo matebulo ambiri olakwika amagwera pomwepa. Malangizo otsatirawa akuthandizani kupanga tebulo lomwe mungathe kuliteteza mzere ndi mzere.

Zofunika kukhala nazo

- Kompyuta yokhala ndi Excel kapena LibreOffice Calc. Pa foni mungathe kuona nambala, koma zilembo zochenjeza zomwe zimakhala pambali pa nambalazo zimabisika.
- Intaneti yotsitsira mafayilo a CSV kapena XLSX. Si aakulu ngati mwasankhiratu mayiko ndi zaka musanatsitse.
- Buku la Frascati Manual la OECD, bungwe la mgwirizano wa zachuma lomwe mamembala ake ambiri ndi mayiko olemera, kope la 2015. Limapezeka mwaulere ngati PDF. Ndi lomwe limanena chimene chimawerengedwa ngati kafukufuku ndi chimene sichiwerengedwa.
- Tsamba lapadera m'fayilo yanu lolembapo gwero la nambala iliyonse, chaka chake ndi tsiku limene munaitsitsa.

Gawo 1: Lembani funso lanu m'chiganizo chimodzi

Musanatsegule tsamba lililonse, sankhani chimodzi: mukufunsa za amene analipira, kapena za amene anagwira ntchitoyo? Boma likapereka ndalama ku kampani yopanga mankhwala kuti iyese katemera, ndalamayo imalembedwa kawiri m'ziwerengero: kumbali ya wolipira ndi ya boma, kumbali ya wochita ndi ya makampani. Funso loti "boma limathandiza bwanji kafukufuku" ndi la wolipira. Funso loti "kafukufuku amachitikira kuti" ndi la wochita. Lembani funsolo pamwamba pa tebulo lanu kuti lizikukumbutsani.

Gawo 2: Dziwani mayina achidule asanu

Ziwerengerozi zimabwera ndi mayina a Chingerezi ofupikitsidwa, ndipo mudzawapeza momwemo pa tsamba lililonse.

GERD ndi ndalama zonse zogwiritsidwa ntchito pa kafukufuku wochitikira mkati mwa dziko m'chaka chimodzi, kaya zachokera kuti. Imaphatikiza ndalama zochokera kunja ngati ntchitoyo yachitikira m'dzikomo, koma siwerengera ndalama zomwe dzikolo latumiza kukalipira kafukufuku kwina.

BERD ndi gawo la GERD lochitikira m'makampani. HERD ndi lochitikira m'mayunivesite ndi m'makoleji. GOVERD ndi lochitikira m'malo a kafukufuku a boma. Atatuwa ndi mayina a wochita, osati wolipira. Mukawonjezapo gawo laling'ono la mabungwe osapanga phindu, zonse zinayi pamodzi zikwane GERD.

GBARD ndi yosiyana ndi zonsezi. Ndi ndalama zomwe boma laika mu bajeti kuti zipite ku kafukufuku. M'mabuku olembedwa chisanafike chaka cha 2015 muipeza ikutchedwa GBAORD.

Chenjezo: GOVERD si ndalama za boma za kafukufuku. M'mayiko ambiri olemera, gawo lalikulu la ndalama za boma limathera m'mayunivesite, motero GOVERD imakhala yochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe boma lalipira.

Gawo 3: Sankhani gwero molingana ndi mayiko anu

Ngati mayiko anu ndi a m'bungwe la OECD, pitani pa OECD Data Explorer ndipo fufuzani Main Science and Technology Indicators, yomwe imafupikitsidwa kuti MSTI. Imatuluka kawiri pa chaka. Ilinso ndi mayiko ena osakhala mamembala monga China, Singapore, Argentina ndi South Africa.

Mayiko a m'bungwe la European Union ali pa Eurostat, ofesi ya ziwerengero ya bungweli. Tebulo la ndalama zonse ndi rd_e_gerdtot, la gwero la ndalama ndi rd_e_gerdfund. Lembani dzinalo m'bokosi lofufuzira, mufika msanga kusiyana n'kuyendayenda m'mitu.

Mayiko ena onse, kuphatikizapo ambiri a mu Africa, afufuzeni ku UNESCO Institute for Statistics, nthambi yomwe ili ku Montreal. Ndiyo imasunga chizindikiro 9.5.1 cha zolinga za chitukuko za United Nations zotchedwa SDG, chomwe ndi GERD poyerekeza ndi GDP (mtengo wa katundu ndi ntchito zonse zopangidwa m'dziko pa chaka), komanso 9.5.2, chiwerengero cha ochita kafukufuku pa anthu miliyoni iliyonse. Nambala ya World Bank ya khodi GB.XPD.RSDV.GD.ZS imachokera ku UNESCO komweko, choncho kuiona malo awiriwa sikutsimikizira kanthu. Ndi nambala imodzi yomweyo. Komanso siikuuzani amene analipira.

Ngati n'kotheka, tengani mayiko onse pa gwero limodzi. Zikakanika, ikani mzere wapadera m'tebulo wosonyeza gwero la dziko lililonse.

Gawo 4: Tsitsani nambala za chaka chimodzi

Pa MSTI sankhani mayiko anu, kenako sankhani miyeso iyi: GERD ngati peresenti ya GDP, peresenti ya GERD yolipiridwa ndi makampani, yolipiridwa ndi boma, yolipiridwa ndi magwero ena a m'dzikomo, ndi yolipiridwa kuchokera kunja. Tengani zaka zosachepera khumi ngakhale mukufuna chaka chimodzi, chifukwa ndi pa mzere wautali pomwe mumaona pamene nambala yadumpha mosayenera.

Apa pali msampha. Nambala ya GERD yonse imatuluka msanga, koma kugawa kwake molingana ndi wolipira kumachedwa ndi chaka kapena kuposerapo. Mayiko angapo a ku Ulaya amasonkhanitsa za gwero la ndalama zaka ziwiri zilizonse, m'zaka monga 2019, 2021 ndi 2023, ndipo Switzerland, Australia ndi New Zealand sachita kalembera wathunthu chaka chilichonse. Musachulukitse GERD ya 2023 ndi peresenti ya boma ya 2021 n'kulemba ngati nambala ya 2023. Bwererani pa chaka chomaliza chimene zonse zilipo, ndipo dziko lomwe lilibe chaka chimenecho mulilembere chaka chake pambali.

Gawo 5: Werengani zilembo zochenjeza

Pambali pa nambala zambiri pamakhala chilembo. B ndi chizindikiro choti kawerengedwe kanasintha chaka chimenecho, ndiye nambala zam'mbuyo ndi zakutsogolo siziyenderana. E ndi nambala yongoyerekeza. P ndi nambala yosakhazikika, yomwe ingasinthe. D ndi yoti tanthauzo lomwe dzikolo lagwiritsa ntchito ndi losiyana ndi la ena. Mukamatsitsa fayilo, onetsetsani kuti mzere wa zilembozi wabwera nawo, ndipo musaufufute pokonza tebulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha United Kingdom. Mu 2022 ofesi ya ziwerengero ya dzikolo, ONS, inapeza kuti kalembera wake ankaphonya makampani ang'onoang'ono ambiri. Itakonza njira, BERD ya 2020 inakwera ndi mapaundi pafupifupi 16 biliyoni, ndipo GERD yomwe inkadziwika kuti ndi pafupifupi 1.7 peresenti ya GDP inafika pafupi ndi 3 peresenti. Boma linali ndi cholinga chofika pa 2.4 peresenti pofika 2027, ndiye papepala cholingacho chinapezeka kuti chadutsidwa kale, popanda labotale yatsopano ngakhale imodzi yomangidwa chifukwa cha kusinthako. Wojambula mzere kuchoka pa nambala zakale kupita pa zatsopano angalembe kuti makampani a ku Britain anawonjezera ndalama modabwitsa. Chinasintha ndi kawerengedwe.

Israel nayo ili ndi chenjezo lake: nambala zake siziphatikiza kafukufuku wa zankhondo, pomwe za United States zimaphatikiza.

Gawo 6: Jambulani tebulo la wolipira ndi wochita

Ili ndi gawo lomwe limathetsa chisokonezo chonse, ndipo ndi bwino kulichita ndi dzanja kamodzi. Olipira ayende motsika, ochita ayende mopingasa. Nambala zili m'munsizi ndi zophunzirira chabe, si za dziko lenileni. Tiyerekeze kuti GERD yonse ndi 100.

| Wolipira | M'makampani | M'mayunivesite | M'malo a boma | M'mabungwe | Zonse |
|---|---|---|---|---|---|
| Makampani | 49 | 2 | 1 | 0 | 52 |
| Boma | 5 | 17 | 11 | 0 | 33 |
| Mayunivesite | 0 | 2 | 0 | 0 | 2 |
| Mabungwe | 0 | 1 | 0 | 1 | 2 |
| Kunja | 6 | 3 | 1 | 1 | 11 |
| Zonse | 60 | 25 | 13 | 2 | 100 |

Onani mzere wapansi: BERD ndi 60, GOVERD ndi 13. Tsopano onani kumanja: makampani analipira 52, boma linalipira 33. Wotenga GOVERD ngati ndalama za boma anganene kuti boma limapereka 13 peresenti pomwe limapereka 33. Wotenga BERD ngati ndalama za makampani angawapatse 60 pomwe anatulutsa 52 yokha, chifukwa mwa 60 ija 5 inachokera ku boma ndipo 6 inachokera kunja, kutsala 49, ndipo 3 ina anailipira m'mayunivesite ndi m'malo a boma.

Kuti mupeze ndalama za boma ngati gawo la GDP, chulukitsani GERD ya pa GDP ndi peresenti ya boma, kenako gawani ndi 100. Ngati dziko lathu lophunziriralo lili ndi GERD ya 2.0 peresenti ya GDP, boma limalipira 2.0 kuchulukitsa ndi 33, kugawa ndi 100, yankho ndi 0.66 peresenti ya GDP. Chitani chimodzimodzi ndi makampani: 1.04.

Mukamaliza dziko lililonse, phatikizani maperesenti a olipira onse. Akapanda kukwana 100, kupatula kusiyana kochepa kobwera chifukwa chofupikitsa nambala, ndiye kuti mwasakaniza zaka kapena mwaiwala gwero lina.

Gawo 7: Kumbali ya boma, onjezani zinthu ziwiri

Choyamba ndi GBARD. Ubwino wake ndi woti imatuluka msanga, ndipo imagawidwa molingana ndi cholinga: zaumoyo, zaulimi, zamagetsi, zachitetezo ndi zina. Koma musayembekezere kuti ifanane ndi GERD yolipiridwa ndi boma. GBARD imachokera m'mabuku a bajeti, pomwe GERD imachokera kwa amene anagwiritsa ntchito ndalamazo. GBARD imaphatikiza zomwe boma limalipira kunja, monga zopereka za mayiko a ku Ulaya ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi a ku Geneva, kapena ku European Space Agency, bungwe lawo la zamlengalenga, zomwe GERD ya dzikolo siwerengera. Ndipo zolembedwa mu bajeti sizituluka zonse. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Ikani nambala ziwirizi m'mizere yosiyana, musaziphatikize.

Chachiwiri ndi msonkho wochotseredwa. Mayiko monga France ndi United Kingdom amathandiza makampani kwambiri powachotsera msonkho akachita kafukufuku, ndipo South Africa ili ndi ndime 11D ya lamulo la msonkho yomwe imalola kampani kuchotsa 150 peresenti ya ndalama za kafukufuku wovomerezeka. Thandizo lotere silioneka pa mzere wa ndalama za boma mu GERD. Ndalamazo zimalembedwa ngati za kampani. OECD imazifalitsa padera m'ziwerengero zake za msonkho wa kafukufuku, pansi pa dzina loti GTARD. Ngati funso lanu ndi loti boma liti limathandiza makampani kwambiri, phatikizani thandizo lachindunji ndi la msonkho, apo ayi muika France pansi pomwe siyenera kukhala.

Ndalama zomwe boma limapereka ku yunivesite kuti iyendetsere zonse, kuphunzitsa ndi kafukufuku pamodzi, gawo lake la kafukufuku limawerengedwa ngati la boma, ngakhale yunivesiteyo ndiyo imasankha pozigwiritsa ntchito.

Gawo 8: Kumbali ya makampani, samalani ndi mzere wa kunja

Mzere wa ndalama zochokera kunja umabisa zinthu zosiyana kwambiri. Ku Israel, dziko lomwe GERD yake ili pafupifupi 6 peresenti ya GDP, pafupifupi theka la ndalamazo zimachokera kunja, makamaka ku makampani akuluakulu akunja omwe ali ndi malo a kafukufuku m'dzikomo. Ndi ndalama za makampani ndithu, koma zimalembedwa ngati zakunja. Ku mayiko a European Union, ndalama za pulogalamu ya Horizon Europe, yomwe inapatsidwa mayuro 95.5 biliyoni kuyambira 2021 mpaka 2027, zimalembedwanso ngati zakunja, chonsecho ndi ndalama za misonkho ya anthu. M'mayiko ambiri a kum'mwera kwa Sahara mzere womwewu umadzaza ndi ndalama za mabungwe othandiza. Ngati mzere wa kunja wapitirira 10 peresenti, funani kugawa kwake musanaweruze za boma kapena makampani.

Musasakanize BERD ndi mndandanda wa makampani oika ndalama zambiri pa kafukufuku, monga EU Industrial R&D Investment Scoreboard. Mndandandawu umatenga nambala m'mabuku a kampani ndipo umaziika pa dziko lomwe kuli likulu lake, kaya kafukufukuyo wachitikira kuti. Kampani ya ku Germany yokhala ndi labotale ku India imawerengedwa yonse ku Germany pa mndandandawu, pomwe mu BERD labotaleyo ndi ya India.

Kuti mudziwe ngati nambala zanu zili m'njira, kumbukirani izi. Ku China, Japan ndi South Korea makampani amalipira pafupifupi magawo atatu mwa anayi a GERD. Ku United States boma la feduro linkalipira pafupifupi magawo awiri mwa atatu mu 1964, makampani analiposa cha m'ma 1980, ndipo lero gawo la bomalo lili pafupifupi limodzi mwa asanu. European Union inagwirizana ku Barcelona mu 2002 kuti ifike pa 3 peresenti ya GDP, magawo awiri mwa atatu ochokera ku makampani, koma ikadali pang'ono pamwamba pa 2 peresenti. Tebulo lanu likasiyana kwambiri ndi izi, bwererani mukaone mzere umene munatsitsa.

Gawo 9: Mukafuna ndalama zenizeni, osati maperesenti

Poyerekeza mayiko, tengani madola a PPP, omwe amaganizira kusiyana kwa mitengo ya zinthu m'mayikomo. Poyerekeza zaka, tengani nambala za mitengo yokhazikika, zomwe zachotsedwa kukwera kwa mitengo. MSTI ili ndi zonse ziwiri zokonzedwa kale. Musasinthe nokha ndi mtengo wa ku banki. Kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, motero bajeti ya kafukufuku yomweyo, ikasinthidwa kukhala madola pa mtengo wa tsiku losiyana, ingaoneke ngati yadulidwa pakati.

Gawo 10: Yang'ananinso GDP

Peresenti ya GDP ili ndi nambala ziwiri, yapamwamba ndi yapansi, ndipo yapansiyo nayo imasuntha. Nigeria itawerengeranso chuma chake mu 2014, GDP inakwera ndi pafupifupi 89 peresenti. South Africa itachita zomwezo mu 2021, inakwera ndi 11 peresenti. Ku Ireland GDP ya 2015 inadumpha ndi pafupifupi kota chifukwa cha makampani akunja omwe anasamutsira katundu wawo m'mabuku a dzikolo. Pa zochitika zotere GERD ya pa GDP imatsika ngakhale palibe amene wachepetsa ndalama. Lipoti lakale ndi latsopano angapereke maperesenti awiri osiyana a chaka chimodzi, onse olondola pa nthawi yake. Tengani latsopano, kapena werengerani nokha ndi GDP yokonzedwa.

Gawo 11: Ngati m'tebulo muli Malawi kapena mayiko oyandikana nawo

Muyeso womwe mayiko a African Union anagwirizana ndi woti ndalama za kafukufuku zifike pa 1 peresenti ya GDP. Nambala zoyerekeza mayiko a mu Africa zimapezeka m'malipoti a African Innovation Outlook, monga a 2010, 2014 ndi 2019, omwe anatuluka kudzera mu ASTII, pulogalamu ya ziwerengero za sayansi ya NEPAD, nthambi ya chitukuko ya African Union. South Africa ndiyo ili ndi kalembera wa chaka ndi chaka, wochitidwa ndi nthambi ya ziwerengero za sayansi yotchedwa CeSTII ya HSRC, bungwe la boma la kafukufuku, ndipo m'zaka zaposachedwa GERD yake yakhala pafupifupi 0.6 peresenti ya GDP. Ku Malawi, yambirani ku National Commission for Science and Technology, ndipo GDP muitenge ku National Statistical Office ku Zomba.

M'mayiko ambiri a m'chigawo chino kalembera amachitika mwa apo ndi apo, ndiye nambala yomaliza ingakhale ya zaka khumi zapitazo. Ilembeni ndi chaka chake, musaiike pambali pa ya 2023 ya Germany ngati ndi za nthawi imodzi. Funsaninso ngati kalemberayo anafika ku makampani. Ena amangofunsa mayunivesite ndi nthambi za boma, ndiye gawo la makampani limaoneka laling'ono chifukwa sanafunsidwe. Bokosi lopanda nambala lisiyeni lopanda kanthu kapena lembani kuti palibe nambala. Mukalembamo 0, Excel iwerengera ziroyo popeza nambala yapakati.

Samalaninso ndi chaka cha boma. Malawi inasintha chaka chake chazachuma kuchoka pa July mpaka June kupita pa April mpaka March, ndipo chaka cha 2021/22 chinali cha miyezi isanu ndi inayi yokha. Bajeti ya chaka chimenecho iyenera kuoneka yochepa.

Gawo 12: Lembani zotsatira

Chiganizo chilichonse chikhale ndi dziko, chaka, muyeso ndi gwero, ndipo chinene momveka ngati ndi za wolipira kapena za wochita. Fupikitsani maperesenti a GDP pa manambala awiri kumanja kwa kadontho, maperesenti a olipira pa nambala imodzi. Mayiko awiri osiyana ndi 0.02 peresenti musawaike wina patsogolo pa mnzake ngati kuti ndi mpikisano, chifukwa kukonza kwa miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi kungawatembenuze.

Zolakwika zofala

Kuchotsa gawo la boma pa 100 n'kunena kuti zotsalazo ndi za makampani. Zotsalazo zili ndi za kunja, za mayunivesite ndi za mabungwe.

Kutenga bajeti yonse ya unduna wa zamaphunziro kapena wa sayansi ngati ndalama za kafukufuku. Frascati Manual imafuna kuti ntchito ikhale yatsopano, yaluso, yosadziwika zotsatira zake, yokonzedwa mwadongosolo, ndiponso yoti ena angathe kuibwereza kapena kuigwiritsa ntchito. Kuphunzitsa, kuyeza magazi m'chipatala tsiku ndi tsiku, kulemba kuchuluka kwa mvula ndi ulangizi wa alimi sizilowamo, ngakhale zimachitika m'nyumba zomwezo.

Kuona gawo la boma likutsika n'kulemba kuti boma ladula ndalama. Nthawi zambiri ndi makampani omwe awonjezera mofulumira. Onani ndalama zenizeni pa mitengo yokhazikika musanalembe mawu oti kudula.

Kuika makampani a boma kumbali ya boma. Kampani ya boma yomwe imagulitsa malonda pa mtengo wa msika imawerengedwa ngati kampani, ndipo izi zimakweza gawo la makampani m'mayiko monga China.

Kuphatikiza GERD ya mayiko angapo m'maperesenti n'kugawa ndi chiwerengero cha mayikowo kuti mupeze ya chigawo chonse. Mukatero dziko laling'ono lilemera mofanana ndi lalikulu. Phatikizani ndalama za PPP za mayiko onse, phatikizaninso GDP yawo ya PPP, kenako gawani.

Kusalemba tsiku lotsitsa fayilo. MSTI ikatulukanso, nambala za zaka zam'mbuyo zimasintha, ndipo wofuna kutsimikizira tebulo lanu apeza zosiyana ndi zomwe munalemba. Sungani fayilo yoyambirira yosakhudzidwa, ndipo masamu onse muzichitira pa kope lake.